Tisasiyire kompyuta kutiuza kuti agogo athu ndi ndani

Mabanja ambiri a ife amene tili pasukulu pano ndi omwazika. Wina ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina anabadwira ku Bulawayo ndipo mudzi wa agogo ake amangoumva pafoni. M'mabanja otere mwayamba kupezeka anthu amene akulemba mndandanda wa makolo awo, aliyense payekha. Msuweni wa ku Britain amalemba pa MyHeritage kapena pa Ancestry, mlongo wophunzira zamakompyuta ali ndi fayilo yake mulaputopu, ndipo amalume kumudzi ali ndi kope lachikuto cholimba limene amalisunga pansi pa sutikesi. Tsiku lina, kawirikawiri pamaliro kapena pagulu la WhatsApp la banja, wina amafunsa kuti bwanji osaphatikiza zonsezi kuti pakhale kaundula mmodzi.

Ganizoli ndi labwino ndipo ndikulivomereza. Mindandanda itatu ya banja limodzi ili ngati anthu atatu amene aliyense wasunga chidutswa cha kalata imodzi. Wa ku Bulawayo akudziwa ana amene agogo anabereka atapita kukagwira ntchito kunja. Wa kumudzi akudziwa mkazi ndi ana amene anasiyidwa kuno. Palibe amene ali ndi nkhani yonse, ndipo okalamba amene angatithandize kulumikiza zidutswazi akutha. Chimene ndikukana ndi njira imene ambiri amaithamangira, yongolowetsa mafayilo onse mupulogalamu imodzi n'kuiuza kuti ipeze yokha anthu ofanana ndi kuwaphatikiza. Kompyuta imazindikira munthu poyang'ana dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo m'mabanja athu ziwirizi ndiye zosadalirika kuposa china chilichonse.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mkati mwa makinawo. Pafupifupi mapulogalamu onse osungira mbiri ya mabanja amatha kutulutsa ndi kulandira fayilo yamtundu wa GEDCOM, imene dzina lake limathera ndi .ged. Njira imeneyi inayambitsidwa mu 1984 ndi mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, umene ambiri amautchula kuti wa a Mormon, ndipo mtundu wake watsopano, GEDCOM 7, unatuluka mu 2021. M'fayiloyi munthu aliyense amapatsidwa nambala, monga I1 kapena I2, ndipo banja lililonse limapatsidwanso yake, monga F1. Manambalawa amagwira ntchito m'fayilo imodzi yokhayo. I7 wa m'fayilo ya msuweni akhoza kukhala agogo aamuna, pomwe I7 wa m'fayilo yanu ndi khanda lobadwa chaka chatha. Choncho mukalowetsa mafayilo awiri pamodzi, pulogalamu imapereka manambala atsopano, ndipo aliyense amene anali m'mafayilo onse awiri amaoneka kawiri. Mafayilo akakhala atatu, agogo amodzi omwewo amasanduka anthu atatu. Kulowetsako kumatenga mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ndi yobwera pambuyo pake, yogamula kuti awa ndi munthu mmodzi, awa ndi anthu awiri.

Pofuna kuthandiza pantchitoyi, mapulogalamu ambiri ali ndi chida chofufuza mayina omveka mofanana. Ena, kuphatikizapo Gramps, amagwiritsa ntchito njira yakale yotchedwa Soundex, imene inapangidwa ku America mu 1918 poganizira mayina achingerezi. Njirayi imasunga chilembo choyamba cha dzina n'kusandutsa zilembo zina kukhala manambala. Kwa iyo, l ndi 4 ndipo r ndi 6, kutanthauza kuti ndi zilembo zosiyana kotheratu. Koma aliyense wolankhula Chichewa amadziwa kuti pakamwa pathu l ndi r zimasinthana popanda vuto. Chirwa amakhala C600, Chilwa amakhala C400, ndipo kompyuta imati awa sakudziwana. Ngati kalaliki wa kumgodi anasiya chilembo choyamba n'kulemba Kandawire m'malo mwa Mkandawire, sadzakumananso. Mbali inayi, Banda ndi Bande onse amakhala B530, ndiye pulogalamu imawaona ngati mwina ndi amodzi. Onjezeranipo kalembedwe ka Chipwitikizi ka abale a ku Tete, ndi chilembo cha ŵ chimene mafayilo akale amachisandutsa zizindikiro zosawerengeka, muona kuti chidachi chimaphonya kumbali zonse ziwiri.

Ngakhale kalembedwe katakhala kolondola, munthu mmodzi kwathu kuno amakhala ndi mayina angapo pamoyo wake. Pali dzina lapaubwana, dzina limene ena analandira kuchinamwali, dzina laubatizo, dzina la kusukulu, ndi dzina la mwana woyamba limene amayi amaitanidwa nalo mpaka lawo lenileni kuiwalika. Amuna amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena analembedwa mayina amene mzungu anatha kutchula, ena anayendera chiphaso cha m'bale wawo. Matchona ena anatenga dzina la mfunda kukhala lachiwiri pomwe abale awo otsala kumudzi anatenga dzina la bambo awo. Ana a mimba imodzi akhoza kupezeka m'mafayilo awiri opanda dzina ngakhale limodzi lofanana.

Choopsa kwambiri ndi cha mbali inayo, pamene anthu awiri ali ndi dzina limodzi. Timakonda kupatsa mwana dzina la agogo ake, ndipo ana aakazi onse a bambo mmodzi akhoza kumaitanidwa kuti Naphiri kapena Nabanda. Tiyerekeze kuti bambo wina anamwalira mkazi wake ndipo banja linamupatsa mng'ono wa malemuyo kuti alere ana, monga zinkachitikira kale m'madera ena. Fayilo yoyamba ili ndi Naphiri wamkulu ndi ana ake, yachiwiri ili ndi Naphiri wamng'ono ndi ana ake. Dzina ndi limodzi, mwamuna ndi mmodzi, makolo ndi amodzi, mudzi ndi umodzi, ndipo tsiku lobadwa palibe. Kompyuta idzakuuzani motsimikiza kuti uyu ndi munthu mmodzi. Mukavomera, mayi mmodzi wafufutidwa m'mbiri ya banja, ndipo ana ake apatsidwa mayi amene sanawabereke.

Masiku obadwa nawonso satithandiza kwenikweni. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa m'Malawi linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Pa kalembera wa ziphaso zaunzika wa mu 2017, okalamba ambiri anachita kuyerekeza zaka zawo. Agogo akanena kuti anabadwa chaka cha njala, mdzukulu wina amalemba 1949, wina amachotsera zaka ziwiri chifukwa anamva kuti panthawi ya njalayo agogo anali akuyenda kale. Munthu akati mwana uja anabadwa chaka cha Napolo, wa ku Zomba amaganiza za 1946 pomwe wa ku Phalombe amaganiza za 1991. Mabuku a mpingo amathandiza, koma pafunika kudziwa mwambo wa mpingowo. M'mipingo yobatiza makanda, tsiku laubatizo limayandikira tsiku lobadwa. Kwa ife a Adventist munthu amabatizidwa atakula n'kusankha yekha, ndiye chaka cholembedwa m'buku la mlembi wa mpingo chikhoza kutalikirana ndi chaka chobadwa ndi zaka 12 kapena 50. Palinso vuto la kalembedwe. Amene anazolowera mapulogalamu a ku America akalemba 03/04/1959 amatanthauza 4 Malichi, pomwe ife timawerenga kuti 3 Epulo.

Kenako pali nkhani ya chibale chenichenicho. Mapulogalamuwa anapangidwa ndi anthu amene amaona banja ngati bambo, mayi ndi ana, ndipo dzina limatsika kudzera kwa bambo. Angoni ndi Atumbuka ambiri sangadabwe nazo. Koma kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, mbumba imawerengedwa kudzera kuchikazi. Kudziwa kuti uyu ndi wa bere lalikulu ndipo uyo ndi wa bere laling'ono kumagamula nkhani za munda, za unkhoswe ndi za ufumu. Pulogalamu ikamawerengera chibale imaika mwana wa amayi aang'ono ndi mwana wa amalume m'gulu limodzi, pomwe kwa ife woyambayo ndi m'bale ndipo wachiwiriyo ndi msuweni. Ndiponso tikati amayi kapena abambo, nthawi zambiri timatanthauza amene anatilera. Ana ambiri amene makolo awo anamwalira m'zaka za m'ma 1990 anakulira m'manja mwa azakhali kapena agogo. Fayilo ina idzawalemba pansi pa owabereka, ina pansi pa owalera, ndipo onse awiri olembawo sananame.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Zolakwika zimene zingachitike pophatikiza ndi ziwiri, ndipo sizilemera mofanana. Mukasiya munthu mmodzi akuoneka kawiri, kaundula amangooneka wosasesa, ndipo tsiku limene umboni udzapezeke mudzawaphatikiza m'mphindi imodzi. Mukaphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, ana, manda, masiku ndi zithunzi zawo zimasakanikirana ngati ufa wa mgaiwa ndi woyera zothiridwa m'thumba limodzi. Ndipo bodza lotuluka m'kompyuta limakhala ndi mphamvu kuposa lapakamwa. Likasindikizidwa papepala loyera n'kugawidwa pa WhatsApp, zidzukulu zidzalikhulupirira kuposa mawu a gogo wosaphunzira amene ankadziwa zoona. Pepala lomwelo tsiku lina lidzatulutsidwa pabwalo la amfumu pamlandu wa malo, kapena pokambirana za chuma chamasiye. Anyamata ndi atsikana ofuna kukwatirana adzaliyang'ana kuti aone ngati pali chibale. Anzathu ophunzira zachipatala adziwanso kuti dokotala akafunsa ngati m'banja muli matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena sickle cell, yankho limadalira kudziwa amene anakuberekani.

Owerenga Baibulo ali ndi chitsanzo pafupi. Mateyu 1 ndi Luka 3 onse ali ndi mndandanda wa makolo a Yesu, ndipo kuchokera pa Davide mindandandayi imasiyana. Mateyu amadzera mwa Solomo, Luka amadzera mwa Natani. Pamwamba pa dzina la Yosefe, Mateyu analemba Yakobo pomwe Luka analemba Heli. Akatswiri akhala akufotokoza kusiyanaku m'njira zingapo, ndipo amatha kutero chifukwa okopera malemba anasunga mindandanda yonse iwiri monga anailandirira. Cha m'ma 170, munthu wina dzina lake Tatian anaphatikiza mabuku anayi a Uthenga Wabwino kukhala nkhani imodzi yotchedwa Diatessaron. Bishopu Theodoret wa ku Cyrrhus, m'dziko la Syria, analemba m'zaka za m'ma 400 kuti bukulo linalibe mindandanda ya makoloyi, ndipo anachotsa makope ake oposa 200 m'mipingo yake n'kubwezeretsamo mabuku anayi aja. Wofuna nkhani imodzi yosalala amakakamizika kutaya zimene zikutsutsana. Mboni ziwiri zosungidwa bwino zimaphunzitsa zambiri kuposa mboni imodzi yopangidwa posakaniza ziwirizo.

Nanga banja lofuna kaundula mmodzi lichite bwanji? Choyamba, mafayilo oyambirira asakhudzidwe. Aliyense atumize fayilo yake ya GEDCOM, ikopedwe ndi kusungidwa malo awiri kapena atatu, italembedwa dzina la mwini wake ndi tsiku limene inalandiridwa. Kope la amalume lijambulidwe tsamba ndi tsamba lisanalembedwe mukompyuta. Zithunzi zitumizidwe padera, chifukwa fayilo wamba ya GEDCOM imangotchula pamene chithunzi chili, siinyamula chithunzicho. Kenako banja ligwirizane za munthu mmodzi wosunga kaundula, ndi wachiwiri womuthandiza wochokera mbali ina ya banja. Pulogalamu ya Gramps ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti, zimene ndi zofunika kwa wophunzira amene bandulo imamuthera pakati pa mwezi. Pulogalamuyi imachenjeza yokha kuti kulowetsa fayilo m'kaundula amene muli kale anthu sikubwezeka mwachidule, choncho yambani ndi kaundula watsopano wopanda kanthu, ndipo munthu aliyense wolowa aikidwe chizindikiro chosonyeza fayilo imene wachokera.

Pophatikiza, yambani ndi amoyo amene mukuwadziwa ndi maso, n'kumakwera m'mwamba m'badwo umodzi umodzi. Lamulo likhale lakuti dzina lokha si umboni. Anthu awiri aphatikizidwe pokhapokha ngati mayi wawo ndi mmodzi, ana awo ndi omwewo, ndipo pali munthu wamkulu kapena chikalata chotsimikiza. Pamene mafayilo akutsutsana, musasankhe chimene chikukusangalatsani. GEDCOM imalola munthu mmodzi kukhala ndi mayina angapo ndi masiku obadwa angapo, chilichonse ndi gwero lake. Lembani kuti 1947 ananena ndi azakhali akuti, tsiku lakuti, ndipo 1949 yachokera pachiphaso chaunzika. Ngati chaka n'chongoyerekeza, pali mawu achidule a ABT otanthauza kuti cha m'ma, ndi BEF ndi AFT otanthauza chisanafike ndi chitadutsa chaka chakuti. Mwana wolera akhoza kulumikizidwa kumabanja onse awiri, n'kusonyeza kuti uku anabadwira, uku analeredwa. Mfunda, mudzi, mfumu yaikulu ya dera ndi bere limene munthu akuchokera zilembedwe m'malo a ndemanga, chifukwa pulogalamu siidzakufunsani zimenezi.

Zikatha izi, kaundula abwerere kumudzi. Sindikizani mbali imodzi, mukawawerengere agogo mokweza, dzina ndi dzina, ndipo mumvetsere pamene akukudulani mawu. Funsani amayi achikulire makamaka, poti m'mabanja ambiri ndiwo amadziwa amene anayamwa bere liti. Safunsa anadya phula. Ngati avomera, jambulani mawu awo pafoni, ndipo mawuwo asungidwe pamodzi ndi kaundula ngati umboni. Manda, makadi a sikelo, makalata akale ochokera ku Joni ndi mabuku a mpingo zikhoza kutsimikiza kapena kutsutsa zimene mwamva. Ofuna kupita patali angakafufuzenso ku National Archives ku Zomba.

Nkhani ya intaneti ifunika kuiganizira payokha. Kaundula wophatikizidwa amakhala ndi zinthu zimene m'mafayilo osiyana zinali zobisika. Mwana amene bambo ake enieni amadziwika ndi anthu atatu okha, mkazi wachiwiri wa ku Bulawayo amene a kumudzi sanamumvepo, matenda amene munthu anamwalira nawo, zonsezi zimakumana patsamba limodzi. Wosunga kaundula alibe ufulu woulula zimene eni ake sanamulole. Mayina athunthu, masiku obadwa ndi mayina a amayi a anthu amoyo ndi zomwezo zimene akuba a pafoni amafuna, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la mu 2024 loteteza zinthu zoterezi. Makampani akuluakulu nawonso amaberedwa. Mu 2018 MyHeritage inalengeza kuti ma adiresi a imelo a anthu oposa 92 miliyoni anatuluka kunja. Gramps imalola kutulutsa fayilo yopanda anthu amoyo ndi yopanda zimene mwaziika chizindikiro chachinsinsi, ndipo fayilo yoteroyo ndi imene iyenera kuyenda pagulu.

Ena adzanena kuti njira yapafupi ndi kuika zonse pa FamilySearch, poti ndi yaulere ndipo abale onse angaione kulikonse kumene ali. Ubwino umenewo ulipodi. Koma dziwani kuti kumeneko mndandanda ndi umodzi wa dziko lonse lapansi, ndipo aliyense wolembetsa akhoza kusintha kapena kuphatikiza anthu omwalira amene inu mwaika. Dziwaninso kuti eni ake ndi mpingo uja wa Latter-day Saints, umene umasonkhanitsa mayina a makolo chifukwa cha chiphunzitso chake chobatizira akufa. Malamulo awo amati munthu apereke mayina a abale ake okha, ndipo kwa wobadwa m'zaka 110 zapitazi pafunika chilolezo cha wachibale wapafupi. Komabe banja limene chikhulupiriro chake pa za akufa ndi chosiyana, monga athu ambiri, liyenera kukambirana zimenezi poyera, osati kudzazimva mayina ataikidwa kale ndi mdzukulu mmodzi.

Ndikudziwa kuti njira imene ndikulimbikitsayi ndi yochedwa. Banja la anthu 600 likhoza kutenga tchuthi ziwiri kapena zitatu, ndipo wina adzafunsa kuti okalamba amene ndikuti akuthawo adzadikira bwanji. Yankho ndi lakuti ntchitozi ndi ziwiri. Kufunsa ndi kujambula mawu a okalamba ndi kwachangu, kuchitike tchuthi chikubwerachi. Kuphatikiza mafayilo kulibe changu chotero, chifukwa fayilo yosungidwa bwino siikalamba. Ambiri timachita mosemphanitsa. Timathera usiku wonse pakompyuta kuphatikiza mayina, pomwe gogo amene akanathetsa funsolo ndi chiganizo chimodzi ali moyo ndipo foni yake tili nayo.

Enanso mumpingo amakayika ngati Mkhristu ayenera kutaya nthawi ndi zimenezi, pokumbukira chenjezo la Paulo pa 1 Timoteo 1:4 ndi Tito 3:9, kapena poopa kuti zifanana ndi kupembedza mizimu. Kulemba dzina la agogo sikuwapempha kanthu, monganso mitu isanu ndi inayi yoyambirira ya 1 Mbiri siipembedza anthu amene yawatchula. Chimene Paulo ankadana nacho ndi mindandanda yobala mikangano ndi kudzitukumula. Kaundula wolembedwa pofuna kutsimikiza kuti ife ndiye a kumpando, kapena wophatikizidwa mosasamala n'kuchotsa ana a mayi wina pamzere wawo, ndi amene amabala mikangano yoteroyo. Wolembedwa moona, wonena poyera pamene mboni zikusiyana, amaizimitsa isanayake.

Ife ophunzira ndi amene mabanja adzatipatse ntchitoyi, chifukwa laputopu ili m'manja mwathu ndipo amatiyesa odziwa. Udindo umenewu ndi waukulu kuposa mmene ukuonekera, poti chimene tidzalembe ndi chimene ana athu adzachitenge ngati choona. Pulogalamu ikadzakuonetsani a Naphiri awiri n'kufunsa ngati iwaphatikize, musayankhe usiku womwewo. Lembani funsolo papepala, mudikire kuche, muwaimbire azakhali.